Buleki imene sitinali kuponda: mbili ya magemu a mpikisano wa mamotoka pa kompyuta

Mwezi watha, pa pulogilamu ya acinyamata imene ndimathandizako pa wailesi yathu pa Ciwelu masana, tinali kukamba za magemu a pa kompyuta. Ndinachula kuti ine ndinakulila pa Need for Speed. Sipanapite mphindi zisanu, mnyamata wina anatuma foni. Mwaulemu ndithu anati, "Akulu, imeneyo ndi gemu ya ana. Mpikisano weniweni uli pa Assetto Corsa." Ndinaseka, tinaika nyimbo, koma mau ake ananditsatila mpaka kunyumba. Mkangano umenewu ndi wakale kupambana iye, mwina kupambananso ine, ndipo uli ndi mbili yake.

Kwa amene simunasewelepo, magemu amenewa ali m'magulu awili. Gulu loyamba amalicha arcade, ndilo la magemu ongosangalala nawo. Ulowa pa kona uli pa liwilo la makilomita 200 pa ola, ugunda cipupa, motoka ibwelela mu mseu, upitiliza ngati palibe cacitika. Gulu laciwili amalicha simulation, kapena sim mwacidule, ndipo limayesa kutengela mmene motoka yeniyeni imacitila. Kumeneko nkhani yonse ili pa tayala. Tayala lili ndi malile a mphamvu yogwila pansi, ndipo mphamvu imene wagwilitsa nchito poponda buleki sungaigwilitsenso nchito pokhota. Ukaponda buleki, kulemela kwa motoka kumathamangila kutsogolo, kumbuyo kumapepuka. Matayala amatentha ndi kutha, mafuta akacepa motoka imapepuka. Ukalakwitsa pa kona imodzi, mpikisano wa ola lathunthu wathela pomwepo.

Gulu loyamba linabadwa m'makina oponyamo ndalama, amene anali kuikidwa m'masitolo ndi m'malo osangalalila ku America ndi ku Japan. Mu 1974 kampani ya Atari inatulutsa Gran Trak 10, imene inali ndi ciwongolelo, giya ndi zopondapo. Mu 1982 Namco inabweletsa Pole Position, yotengela bwalo la Fuji Speedway. Mu 1986 Yu Suzuki wa ku Sega anapanga Out Run, mmene munthu anali kuyendetsa Ferrari yofiila m'mbali mwa nyanja. Cimene cimandikondweletsa ine wa pa wailesi n'cakuti usanayambe ulendo, Out Run inali kukupatsa mwai wosankha nyimbo pa wailesi ya m'motoka. Palibe amene anali kukufunsa za mphepo ya m'matayala.

Kumbukilani kuti mwini makina otele amafuna ndalama. Gemu iyenela kumveka m'masekondi ocepa, ikome msanga, ndipo ithe pakapita mphindi zitatu kapena zinai kuti wina aponyemo yake. Ndiye cifukwa cake pamwamba pa sikilini panali wochi yowelenga cobwelela. Zonse zimene timazicha arcade lelo, kukhululukila zolakwa, liwilo lopitilila muyezo, buleki yosafunikila kwenikweni, zinacokela ku kandalama kameneko.

Kompyuta ya panyumba inacotsapo kandalamako. Munthu amene wagula gemu yake ali ndi usiku wonse, ndipo akhoza kulephela kambilimbili popanda womuimilila kumbuyo. Mmodzi mwa oyamba kuona mwai umenewu anali Geoff Crammond wa ku Britain, amene anaphunzila physics. Mu 1985 anatulutsa Revs pa kompyuta ya BBC Micro. Munali motoka ya Formula 3 ndi bwalo limodzi cabe, Silverstone. Mu 1989, ku America, David Kaemmer ndi Omar Khudari a kampani ya Papyrus anatulutsa Indianapolis 500: The Simulation pa makompyuta a DOS. Nayonso inali ndi bwalo limodzi, koma munali mamotoka 33, ndipo wofuna anali kutha kuzungulila maulendo onse 200, mtunda wa makilomita pafupifupi 800. Usanaloŵe m'bwalo unali kusankha wekha mphepo ya m'matayala, kapendekedwe ka mapiko a motoka, magiya ndi kuculuka kwa mafuta. Ambili amati apa ndi pamene sim yeniyeni ya pa PC inayambila.

Komabe pa nthawi imeneyo mpanda pakati pa magulu awiliwa unali waufupi. Crammond atatulutsa Formula One Grand Prix kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, kenako Grand Prix 2 mu 1996, anaikamo zothandizila zimene munthu anali kuyatsa kapena kuzima yekha: kompyuta kukupondela buleki, kukusinthila magiya, ndi kukujambulila mzele mu mseu woonetsa poyenela kupita. Woyamba kumene anali kuyatsa zonse, n'kumazima cimodzicimodzi akamazolowela. Sungani nkhani ya mzele umenewu, tidzaupezanso.

Cimene ambili sadziwa n'cakuti Need for Speed nayonso inayamba ndi mtima wofuna zenizeni. Amene anaipanga ndi gulu la ku Canada limene kale linali kuchedwa Distinctive Software, lomwe linapanga Test Drive mu 1987, ndipo kenako linagulidwa ndi Electronic Arts. Need for Speed yoyamba inatuluka mu 1994, pa PC inafika mu 1995, ndipo pa bokosi panali dzina la magazini ya mamotoka ya Road & Track. Akatswili a magaziniyo anathandiza kuti Toyota Supra isamveke ngati Dodge Viper, ndiponso kuti Lamborghini Diablo ikhale yolemela pa kona monga mmene ilili. Apolisi analimo, inde, koma motoka inali kufuna buleki.

Njila zinapatukana bwinobwino mu 1998. Caka cimeneco Electronic Arts inatulutsa Need for Speed III: Hot Pursuit, ya masailini, misomali yoponyedwa mu mseu ndi nyimbo zothamangitsa magazi. Caka comweco Papyrus inatulutsa Grand Prix Legends.

Pa gemu iyi ndifuna kucedwapo pang'ono. Kaemmer ndi anzake anasankha kutengela mpikisano wa Formula One wa caka ca 1967. Mamotoka a nthawiyo, monga Lotus 49, anali ndi injini zamphamvu kwambili m'thupi lopepuka, opanda mapiko owakanikizila pansi, pa matayala olimba osagwila bwino. Anali kupha anthu: Lorenzo Bandini anafa caka comweco atapsa pa ngozi ku Monaco. Papyrus inatengela kuopsa konseko. Munali bwalo lakale la Nürburgring la makilomita oposa 22, lodzala ndi makona osaoneka kutsogolo kwake. Munalinso Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, pamene mu January 1967 John Love wa ku Bulawayo, mwamuna wa zaka 42 pa Cooper yakale, anatsogolela akatswili onse a dziko mpaka pamene anaima kuthila mafuta mpikisano uli pafupi kutha. Pedro Rodríguez anamupitilila, iye n'kutsiliza waciwili. Ici ndiye cifupi kwambili cimene cigawo cathu cino cinafikapo m'nkhani ya gemu imeneyi.

Olemba manyuzipepala a magemu anaitamanda Grand Prix Legends. Ogula anaithawa. Inali kufuna kompyuta yamphamvu pa nthawiyo, inalibe zothandizila zokwanila, ndipo munthu anali kutha mlungu wathunthu asanazungulile bwalo kamodzi popanda kugwela mu udzu. Makampani akuluakulu anaphunzilapo phunzilo lawo: zovuta sizigulika. Mu 2003 Need for Speed: Underground inatsatila mafilimu a The Fast and the Furious, ya mipikisano ya usiku m'tauni, magetsi a mitundumitundu pansi pa motoka ndi nitro. Mu 2004 Papyrus inatsekedwa.

Tsopano tifike kwathu. Ine ndinayamba kukhudza kompyuta m'zaka za pakati pa 2000 ndi 2010, m'ma internet café a m'tauni, ndili ku sekondale. Makompyuta ake anali ogwilako kale nchito m'maofesi a kunja. Intaneti ikakana, ndipo inali kukana kawilikawili, mwini café anali kutilola kusewela. Munali Road Rash ya njinga zamoto, Need for Speed II, Underground 2, ndipo pamwamba pa zonse Most Wanted ya mu 2005. Mpaka lelo ndikhoza kukuuzani nkhani yake ngati nthano ya ambuya: Razor akubela BMW M3 GTR yako mwacinyengo, uyenela kukwela mndandanda wa oyendetsa 15 mumzinda wa Rockport kuti uilande, uku Sergeant Cross akukusaka. Grand Prix Legends sindinaimvepo n'komwe mpaka nditakula.

Kodi n'cifukwa cakuti tinali ana okonda zosavuta? Ndaganizapo kwambili, ndipo ndiona zifukwa zina ziwili zimene mnyamata wa pa foni uja sanaziwelengele.

Coyamba ndi kiyibodi. Batani la pa kiyibodi limadziwa zinthu ziwili cabe, kuyaka ndi kuzima. Ukadina muvi woloza m'mwamba, wapondelatu moto wonse. Ukadina woloza kumanzele, wakhoteselatu ciwongolelo conse. Amene anayendetsapo motoka pa mseu wa fumbi mvula itagwa adziwa cimene cimacitika ukatelo. Sim imafuna kuponda pang'onopang'ono, kumasula buleki mwa timagawo, kumva m'manja kuti matayala akutsogolo ayamba kutelela. Zimenezo zimafuna ciwongolelo ndi zopondapo zolumikiza ku kompyuta. Ziwongolelo zobweza mphamvu m'manja zinayamba kupezeka ca m'ma 1998, ndipo Logitech G25 ya mu 2006 inachuka kwambili kunja. Kuno palibe mwini café amene akanagula cipangizo cotelo, ca mtengo wofanana ndi kompyuta ina yathunthu, kuti anyamata a sukulu azicithyola. Need for Speed inapangidwa mwadala kuti imvele mabatani anai a mivi. Kompyuta inali kukusalazila makhotedwe ako mwakacetecete, iwe n'kumadziona katswili.

Caciwili ndi wochi ya mwini café. Tinali kulipila theka la ola, nthawi zina titasonkhelana awili kapena atatu. Kandalama kaja ka m'makina a ku Japan, kamene kompyuta ya panyumba inacotsa ku Britain ndi ku America, kuno kanabwelela mwa njila ina. Amene ali ndi mphindi 30, anzake ataimilila kumbuyo kudikila, sangathele nthawiyo akuphunzila malo opondela buleki pa kona imodzi. Afuna kuthamanga, kugwetsa cikwangwani pa mamotoka a apolisi, ndi kupambana nthawi isanathe. Most Wanted inali kudziwa zimenezi. Nitro inali kudzidzaza yokha. Ukatsala kumbuyo, opikisana nawo anali kucepetsa liwilo mobisa kuti uwapeze, ukapita patsogolo kwambili anali kukufika ngati amangidwa ndi mphila. Ena amati cimeneco ndi cinyengo. Ine ndimati ndi luso la munthu wodziwa kuti wosewela ali ndi nthawi yocepa.

Pali cinthu cina cimene cimandipweteka pang'ono. Mpikisano wa mamotoka umene Zambia imaudziwa bwino ndi rally, wa m'misewu ya fumbi. Satwant Singh anatenga cikho ca Africa maulendo 8, ndipo pambuyo pake Muna Singh ndi Jassy Singh nawonso anacitenga. Magemu a rally analiponso, ogawika pawili cimodzimodzi. Colin McRae Rally ya Codemasters, imene inayamba mu 1998, inali yofikilika kwa aliyense. Richard Burns Rally ya mu 2004 inali yankhanza: misewu yopapatiza, mwala umodzi m'mbali n'kukuthyolela gudumu, ndiponso sukulu yoyendetsa imene inali kukubweza mpaka utakhoza. Amuna awili amene maina awo ali pa magemuwa onse anapambanapo Safari Rally ya ku Kenya, McRae katatu, Burns kawili, ndipo onse anafa akali acinyamata, Burns mu 2005 ndi cotupa ca mu ubongo, McRae mu 2007 pa ngozi ya helikopita. Nditapeza laputopu yangayanga, ndinayesa Richard Burns Rally pa kiyibodi. Madzulo atatu otsatizana ndinathela mu mtengo womwewo. Tsiku lacinai ndinaifafaniza n'kubwelela ku Rockport.

Sim sinafe pamene makampani akuluakulu anaisiya. Inasamukila m'manja mwa timagulu tating'ono ndi mwa osewela eni ake. Okonda Grand Prix Legends anapitiliza kuikonza, kuwonjezela mabwalo ndi mamotoka a zaka zina monga 1965 ndi 1969, ndipo mpaka lelo alipo amene amapikisana pa gemu ya mu 1998. Cimodzimodzi Richard Burns Rally, imene anthu a ku Europe akali kuipangila misewu yatsopano. Live for Speed, imene inayamba kuoneka mu 2002, inapangidwa ndi anthu atatu okha, ndipo inali kuyenda ngakhale pa kompyuta yofooka. Mu 2005 kunabwela rFactor, imene mtundu wake wina unayamba kugwilitsidwa nchito ndi magulu a Formula One pophunzitsa oyendetsa awo. Assetto Corsa ya mnzathu wa pa foni inatuluka mu 2014, yopangidwa ndi kampani ya ku Italy ya Kunos Simulazioni, imene ofesi yake inali pa bwalo lenileni la Vallelunga.

Nayenso Kaemmer sanapite kutali. Papyrus itatsekedwa anagwilizana ndi John W. Henry, munthu wolemela yemwe okonda bola mumamudziwa cifukwa kampani yake inagula Liverpool mu 2010. Awiliwa anayambitsa iRacing, imene inatsegulidwa mu 2008. Mabwalo ake amayezedwa ndi laser, kotelo kuti kabampu kali pa kona yeniyeni kalinso mu gemu. Umapikisana ndi anthu, pogwilitsa nchito dzina lako lenileni, ndipo ngozi iliyonse imakucotsela mamaki a citetezo. Ukakhala wosasamala sukwezedwa kupita ku mipikisano yapamwamba. William Byron, amene anapambana Daytona 500 mu 2024, anayambila pamenepo asanakhalepo m'motoka ya mpikisano. Max Verstappen amapikisanapo ngakhale pakati pa nyengo ya Formula One.

Mu 2020, mlili wa COVID-19 utatseka mabwalo, NASCAR ndi Formula One anasamutsila mipikisano pa kompyuta, ndipo ina inaonetsedwa pa TV. Apa m'pamene zinadziwika kuti masewela aja asanduka nchito. Kyle Larson anacotsedwa m'gulu lake atakamba mau onyoza anthu akuda pa mpikisano wa iRacing, osadziwa kuti aliyense akumva. Daniel Abt anataya malo ake ku Audi zitadziwika kuti analola katswili wa magemu kumuyendetsela pa mpikisano wa pa kompyuta wa Formula E.

Koma taonani zimene iRacing imafuna kwa munthu wa ku Katete kapena ku Lundazi: kulipila mwezi ndi mwezi m'madola, kugulanso mabwalo ndi mamotoka paokha, kompyuta yamphamvu, ciwongolelo, intaneti yosadukaduka, ndi malaiti amene sadzapita pakati pa mpikisano wa mphindi 40. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, tinali kukhala maola ambili pa tsiku opanda malaiti. Mpanda umene unali wa kiyibodi mu 2005 lelo ndi wa mabando a intaneti ndi load shedding.

Sindifuna kuti mumve ngati ndikuti arcade ndi ya osauka ndipo sim ndi ya akatswili. TrackMania, ya kampani ya ku France ya Nadeo, inayamba mu 2003, ndipo mu 2006 anatulutsa TrackMania Nations yaulele. Mamotoka ake amauluka ndi kuyenda m'zipupa, palibe ca zenizeni mmenemo, ndipo mabatani anai akwanila. Komabe akatswili ake amalimbilana kagawo kamodzi mwa magawo 100 a sekondi, akubweleza njila imodzi kwa miyezi. Amene anena kuti imeneyo ndi ya ana ayambe waiyesa. Ndiponso magemu ambili ogulidwa kwambili masiku ano ali pakatikati. Race Driver: Grid ya mu 2008 inabweletsa batani lobweza nthawi m'mbuyo ukacita ngozi. Forza Horizon, imene inafika pa PC mu 2016, ili ndi matayala owelengeledwa mosamala pansi pa gemu imene imakulola kudumpha phili. Mu 2021 Electronic Arts, eni ake a Need for Speed, anagula Codemasters, ndiye kuti apolisi a ku Rockport ndi magemu a Formula One analowa m'nyumba imodzi.

Pa Ciwelu cotsatila mnyamata uja anabwela yekha ku situdiyo, laputopu ili m'cola. Ndi wophunzila pa koleji, waulemu, ndipo amadziwa maina a makona a ku Italy kupambana mmene ine ndidziwila misewu ya m'Chipata. Pulogilamu itatha anandiikila Assetto Corsa, bwalo la Monza. "Akulu, yesani," anatelo. Ndinathamanga mu mseu wautali woyambila, cala cili pa muvi wa m'mwamba monga mwa masiku onse. Kona yoyamba inafika, ndinadina buleki mocedwa ndi mamita ambili, motoka inangopitilila molunjika. Anaseka mpaka kugwila m'mimba.

Ndinamupempha kuti andionetse iye. Anayendetsa bwino ndithu, maulendo atatu osatuluka mu mseu. Koma ndinaona kuti nayenso anali pa kiyibodi. Magiya anali kudzisintha okha, cothandizila kuti matayala asatelele cinali coyaka, ndipo pakati pa mseu panali mzele wa mitundu womuuza poponda buleki, wofanana ndi uja Crammond anajambula iye asanabadwe. Nditamufunsa, anati ciwongolelo akali kusungila ndalama, pali wina ku Lusaka amene akugulitsa G29 yogwilako kale nchito. Tinagwilizana kuti akacigula adzabwele naco. Ine ndalonjeza kubweletsa Most Wanted, tione ngati adzathawa Cross pa ulendo woyamba.